Chafufumimba kapena chagada? Mbiri ya kagonekedwe ka makanda

Ambiri mwa inu tsopano ndinu makolo, ndiye lero ndati tikambirane mbiri ina imene mulibe m'silabasi koma ikukhudza moyo wa khanda.

Zoti khanda lagona lili bwinobwino, m'mawa n'kulipeza litamwalira, sizinayambe lero. Mlandu umene Solomo anaweruza pa 1 Mafumu chaputala 3 unayamba ndi mayi amene anagonera mwana wake usiku. Kwa zaka mazanamazana anthu ankaganiza kuti imfa zotere zimabwera choncho, ndipo chala chinkaloza mayi. Mu 1969, pa msonkhano wa madokotala, Bruce Beckwith anabweretsa dzina lakuti Sudden Infant Death Syndrome, mwachidule SIDS. Iyi ndi imfa yadzidzidzi ya khanda imene chifukwa chake sichipezeka ngakhale mtembo utapimidwa.

Chomvetsa chisoni n'chakuti malangizo a akatswiri anakulitsa vutoli. Dokotala wa ku America, Benjamin Spock, anatulutsa buku la kaleredwe ka ana mu 1946, ndipo linagulidwa ndi anthu mamiliyoni ambiri. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 bukuli linayamba kulangiza kuti khanda lizigona chafufumimba, poopa kuti likasanza lili chagada lingatsamwe. Mfundoyi inkamveka yanzeru, koma panalibe kafukufuku woitsimikizira. Madokotala ndi anamwino ambiri ku Ulaya, America ndi Australia anaitengera, ndipo m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 imfa za SIDS zinakwera m'mayiko angapo.

Anthu ena anayamba kukayika. Ku Adelaide, Susan Beal ankayendera mabanja oferedwa n'kuona kuti makanda ambiri ankapezeka atagona chafufumimba. Mu 1985 kunadziwika kuti ku Hong Kong, kumene makanda ankagonekedwa chagada, imfazi zinali zosowa. Mu 1987 dziko la Netherlands linayamba kulangiza makolo kusiya chafufumimba, potsatira ntchito ya Guus de Jonge. Kafukufuku wa Peter Fleming ku Bristol, Ed Mitchell ku New Zealand ndi Terry Dwyer ku Tasmania anapezanso zomwezo.

Mu 1991 mtolankhani wa pa wailesi yakanema ku Britain, Anne Diamond, anataya mwana wake wamwamuna mwanjira imeneyi. Iye analimbikira mpaka boma linayambitsa kampeni ya Back to Sleep chaka chomwecho, ndipo m'zaka zochepa imfazi zinatsika kupitirira theka. Ku America kampeni yotere inayamba mu 1994. Mu 2005 Ruth Gilbert ndi anzake anawerengera kuti umboni umene unalipo kale mu 1970 ukanasonkhanitsidwa bwino, makanda oposa 10,000 ku Britain ndi ena osachepera 50,000 ku Ulaya, America ndi Australasia akanapulumuka.

Nanga kutsamwa kuja? Khanda likagona chagada, njira ya mpweya imakhala pamwamba pa njira ya chakudya, choncho masanzi salowa msanga m'mapapo.

Kenako maso anatembenukira ku zofunda, chifukwa bulangete lotayirira limatha kuphimba nkhope kapena kutenthetsa mwana mopitirira. Ku Netherlands makolo ankagwiritsa kale ntchito kathumba kogonamo kotchedwa trappelzak, kamene khanda limavala ngati malaya opanda mikono otsekeka kumapazi. Mu 1998 Monique L'Hoir ndi anzake anapeza kuti imfazi zinali zochepa pakati pa makanda ogona m'kathumbaka, popeza sikaphimba nkhope komanso khanda silitembenuka mosavuta. Mu 2022 bungwe la American Academy of Pediatrics linati chovala chotere n'chabwino kuposa bulangete lotayirira, koma linaletsa timatumba toikamo zinthu zolemera.

Kwathu kuno chisanu cha Juni ndi Julayi chikafika timafunditsa khanda mpaka kumutu. Tiyeni tisinthe. Khanda ligone chagada, pamalo osawofuka, popanda pilo, nkhope ili poyera, kutali ndi utsi wa fodya. Amene wamwa mowa asagone nalo pamodzi. Kathumba kaja telala akhoza kusoka ndi nsalu ya thonje, bola pakhosi pasakule moti mutu n'kulowera m'kati.

Aphunzitsi anzanga, nkhaniyi mukhoza kuigwiritsa ntchito pophunzitsa za umboni. Spock sanali munthu woipa, ndipo makolo amene anamumvera sanalakwe. Chinasowa n'kufunsa kuti, kodi umboni wake uli kuti? Ophunzira anga akale, funso limenelo ndinkakuvutitsani nalo m'kalasi, musaliiwale. Ngati kwanu kuli khanda, kakambiraneni nkhaniyi ndi agogo ndiponso aliyense amene amaligoneka.