Golide, Malamulo ndi Mitsinje ya ku Chitipa

Anthu a m'boma la Chitipa, lomwe atsamunda ankalitcha Fort Hill, anayamba kumudziwa golide kutsidya kwa mtsinje wa Songwe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920 golide anapezeka m'chigwa cha Lupa, kumpoto kwa Mbeya ku Tanganyika, ndipo pofika m'ma 1930 amuna ambirimbiri a kumpoto kwa Nyasaland ndi Northern Rhodesia ankapita kumeneko wapansi kukasaka ndalama ya msonkho. Ntchito inali yokumba mchenga m'mphepete mwa mitsinje n'kumautsuka mpaka tizidutswa tachikasu titatsalira pansi. Chakudya chinali choperewera moti ambiri ankadwala chiseyeye. Maso a boma la nthawiyo anali pa ziphaso ndi pa kulemera kwa golide wogulitsidwa. Zoti madzi a mumtsinje asanduka otani sizinkawerengedwa.

Maganizo amenewa anakhalitsa ngakhale Malawi atalandira ufulu. Lamulo la migodi la 1981 linaika miyala yonse ya pansi pa nthaka m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa Amalawi, ndipo nduna inali ndi mphamvu zambiri popereka ziphaso. Lamulo loyamba lalikulu la zachilengedwe linabwera mu 1996. Ilo ndi lomwe linayamba kukakamiza mwini ntchito yaikulu kuti aziyamba wachita kafukufuku wosonyeza mmene ntchitoyo ikhudzire nthaka, madzi ndi anthu.

Lamuloli linayesedwa zenizeni pafupi ndi Chitipa, pa mgodi wa yuraniyamu wa Kayelekera m'boma la Karonga, kufupi ndi msewu wolumikiza maboma awiriwa. Mu 2007 mabungwe omwe si aboma anatengera nkhaniyi kukhoti, koma anamvana ndi kampani ya Paladin, mwini mgodiwo, mlandu usanagamulidwe. Mgodi unatsegulidwa mu 2009 ndipo unaima mu 2014. Funso lomwe linatsala pakamwa pa anthu omwa madzi a mitsinje ya Sere ndi North Rukuru linali lakuti: madziwa akuyeza ndani, nanga zotsatira zake akuuza yani? Lipoti la Human Rights Watch la 2016 linapeza kuti anthu okhala pafupi ndi migodi ku Karonga sankauzidwa mokwanira za zoopsa zowazungulira. M'Chitipa mwenimweni, paphiri la Ilomba pomwe amasema miyala yobiriwira ngati thambo yotchedwa sodalite, anthu akhala akudandaula kuti miyala ikutuluka koma phindu sakuliona.

Kuchokera apo malamulo anasintha motsatizana. La zachilengedwe la 2017 linakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, la migodi la 1981 linalowedwa m'malo mu 2019, ndipo lina la 2023 linabweretsa bungwe loyang'anira migodi la Mining and Minerals Regulatory Authority. Mu 2021 Reserve Bank of Malawi inayamba kugula golide kwa okumba ang'onoang'ono pofuna kuchepetsa kuzembetsa.

Kwa mwini mgodi waung'ono wa golide, kutsatira malamulo kumayamba ndi chiphaso, chomwe pa mlingo umenewu chimaperekedwa kwa Amalawi okha. Akafuna kupatutsa madzi a mumtsinje kapena kutayiramo otsukira, amayenera chilolezo pansi pa lamulo la madzi la 2013. Zotsalazo ndi ntchito ya manja. Pamakumbidwa dziwe loti matope azidikha madzi asanabwerere kumtsinje, maenje otha ntchito amakwiriridwa, ndipo dothi lachonde la pamwamba limaunjikidwa padera kuti lidzayalidwenso. Kuyeza madzi kumafuna mabotolo awiri, lina lotunga kumtunda kwa mgodi, lina kumunsi kwake, m'chilimwe komanso m'dzinja, chifukwa popanda kuyerekeza palibe angatsimikize kuti litsiro lachokera pamgodi.

Choopsa kwambiri ndi mekyule, yemwe okumba ambiri a ku Tanzania amamugwiritsa ntchito ndipo savuta kuwoloka malire. Wokumba amadonthezera mekyule m'beseni la mchenga wosefa, n'kutikita ndi dzanja mpaka golide atamatirira. Kenako amafinya m'kansalu, ndipo kampira kotuwa kotsalako amakaotcha pamakala. Mekyule amauluka ngati nthunzi yosaoneka, n'kulowa m'mapapo a wootchayo ndi ana omwe aima pafupi. Wotayikira m'madzi amaunjikana m'matupi a nsomba, ndipo amawononga ubongo ndi mitsempha ya ozidya. Pangano la Minamata la 2013, lotchedwa dzina la mzinda wa ku Japan komwe anthu anapuwala ndi poizoniyu, linapangidwa kuti lithane ndi zoterezi. Kwa Chitipa nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa madzi a Songwe amakathera m'nyanja ya Malawi.

Vuto lomwe latsala ndi mtunda. Malikulu a mabungwe oyang'anira ali ku Lilongwe, makilomita mazanamazana kuchokera ku Misuku kapena ku Nthalire, ndipo woyendera migodi safika kawirikawiri m'misewu ya m'mapiri nthawi ya mvula. Malamulo alipo okwanira, koma adzagwira ntchito ku Chitipa pokhapokha khonsolo ya boma, mafumu ndi makomiti a m'midzi atapatsidwa zida zoyezera madzi komanso ufulu woona zotsatira zake.