Oswald, Kalulu Amene Analandidwa

Onse okonda baisikopu aidziwa mbewa ija ya makutu akuru, Mickey Mouse. Koma ndi owerengeka okha amene anamva kuti mbewayi inali ndi mkuru wace, ndiye kalulu wakuda, dzina lace Oswald. Si Kalulu wa m'nthano za kumudzi ai. Uyu anabadwira pa pepala ku Los Angeles, m'dziko la Amereka, m'caka ca 1927.

Anampanga ndiwo Walt Disney, mnyamata wa zaka 25, ndi bwenzi lace Ub Iwerks, mmisiri wa dzanja lofulumira. Nchito yao inali yowawitsa msana. Kuti kalulu aoneke ngati ali kuthamanga, anayenera kujambula zithunzi mazanamazana, ciri conse cosiyana pang'ono ndi cinzace. Tsono zikapita mofulumira m'makina, diso linyengedwa. Zithunzizo zinali zakuda ndi zoyera basi, ndipo mau munalibe.

Kanema woyamba, Poor Papa, eni kampani ya Universal anamkana, nati kaluluyo aoneka wokalamba. Amisiri anamkonzanso akhale kamnyamata kocenjera, ndipo pa 5 September 1927 anthu anaona Trolley Troubles. M'menemo Oswald ayendetsa galimoto wa pa njanji, ndipo tsoka litayandikira azula phazi lace lomwe, nalipsompsona, pakuti kumeneko phazi la kalulu aliyesa cithumwa ca mwai. Anthu anaseka, ndarama zinalowa.

Pakati pa Disney ndi Universal panali munthu wa malonda, Charles Mintz, amene analipira madola 2,250 pa kanema mmodzi. M'mwezi wa February 1928 Disney anakwera sitima ulendo wa ku New York kukapempha kuti amuonjezere. Mintz anayankha kuti adzapereka 1,800 okha. Coipa koposa cinali m'mbuyo: Mintz anali atapangana kale m'seri ndi ambiri a amisiri a Disney kuti adzagwire nchito kwa iye. Ndipo pepala la cipangano linanena poyera kuti mwini wa Oswald ndiye Universal. Mlandu panalibe pouimba. Munthu anamlera kalulu ndi thukuta lace, koma dzina la mwini linali la wina. Amene analembetsapo nchito osawerenga bwino pepala adzamvetsa kuwawa kwace.

Disney anakana, nabwerera wopanda kalulu. Iwerks sanamsiye. Awiriwa anayamba kujambula mobisa kanyama kena kofanana ndithu ndi Oswald, koma makutu ace obulungira, mcira wace wautali. Ndiye Mickey Mouse, amene anachuka ndi Steamboat Willie, kanema wa mau, pa 18 November 1928. Pa mbewayi Disney anasamala kuti umwini ukhale m'manja mwace.

Mintz naye sanadyerere nthawi yaitali. M'caka ca 1929 Universal inamcotsera Oswald nimpatsa Walter Lantz, amene anamjambula kufikira 1938. Pambuyo pace kaluluyo anayamba kuiwalika. Disney anamwalira m'caka ca 1966 asanamlandirenso.

Zaka 78 zinapita. M'mwezi wa February 2006, Al Michaels, muulutsi wochuka wa za masewera, anafuna kucoka ku kampani ya Disney kunka ku NBC, imene inali pamodzi ndi Universal. Mkuru wa kampani ya Disney, Bob Iger, anabvomera kummasula, koma mwa zimene anapempha posinthana munali Oswald pamodzi ndi akanema ace akale ojambulidwa ndi Disney. Motero munthu wamoyo, wolankhula pa mphepo, anasinthidwa ndi kalulu wa inki amene m'masiku a Disney sananenepo liu ndi limodzi lomwe.