Mneni wa Chijeremani "übersetzen": Kuchokera pa Doko Kufika m'Buku

Mneni wa Chijeremani übersetzen adapangidwa polumikiza mawu awiri: über, kutanthauza "pamwamba" kapena "kutsidya", ndi setzen, "kukhazika". Setzen nayenso adachokera kwa sitzen, "kukhala pansi", monga momwe "kukhazika" adachokera kwa "kukhala". Papepala mneniyu ndi mmodzi, koma pakamwa alipo awiri. Wolankhula akatsindika über, akunena za mwini bwato amene akuolotsa anthu pamtsinje, ndipo m'chiganizo über amaduka n'kukakhala kumapeto. Akatsindika setzen, tanthauzo lake ndi kumasulira chiyankhulo, ndipo zigawo ziwirizo sizilekana. Ife amene timasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika ndi kamvekedwe kokha sitingadabwe nazo.

Tanthauzo lachiwirili lidabwera mochedwa. Akatswiri ambiri amaganiza kuti Ajeremani adatengera mneni wa Chilatini traducere, "kuolotsa", amene Leonardo Bruni wa ku Florence adayamba kumugwiritsa ntchito ponena za kumasulira cha m'ma 1400. Komabe pamene Martin Luther ankateteza Baibulo lake mu 1530, kalata yake adaitcha Sendbrief vom Dolmetschen. Mneni amene adasankha ndi dolmetschen, mawu obwereka amene mizu yake ili m'ziyankhulo za Chiteki, ndipo adafika ku Chijeremani kudzera mwa anansi a kum'mawa. Übersetzen adafala m'zaka za m'ma 1600.

Kufala kwake kudatsitsa mnzake. Mu 1813, polankhula kwa akatswiri anzake ku Berlin, Friedrich Schleiermacher adagawa ntchitoyi pawiri: dolmetschen adamusiyira nkhani za malonda ndi zokambirana za tsiku ndi tsiku, pamene übersetzen adamupatsa mabuku a nzeru zakuya ndi luso. Ine kugawaku ndimakuona kuti n'kokondera. Womasulira pakamwa m'bwalo la milandu, pamene munthu angathe kumangidwa chifukwa cha liwu limodzi, sasenza katundu wopepuka kuposa wa womasulira ndakatulo, ndipo alibe nthawi yotsegula buku. Chichewa sichidalowe m'tsankho limeneli, pakuti onse awiri timati akumasulira, ngati kuti tanthauzo ndi mfundo yomangika, osati katundu wa m'bwato.

Koma ku Germany malirewo adakhazikika. Lero Dolmetscher ndi womasulira pakamwa, Übersetzer ndi womasulira zolembedwa, ndipo Luther, amene ntchito yake ankaitcha dolmetschen, amawerengedwa m'gulu la Übersetzer.