Mlandu wa Ng'ombe pa Bwalo la Ayuda

Adzukulu anga, inu mukamva za Ayuda mumangoganiza za m'Baibulo, koma ife tinawaona ndi maso, ndipo bambo anga anadya nsima ya ndalama zawo. Ambiri anachokera ku Lithuania, kuthawa umphawi ndi mazunzo. Elie Susman ndi mbale wake Harry anawoloka Zambezi mu 1901 kukagula ng'ombe kwa Alozi, m'masiku a mfumu Lewanika. Ena anafika nkhondo ya Hitler itatsala pang'ono kuyamba, monga Abe Galaun, amene anadzatchuka ndi nyama ndi mkaka mu Lusaka. Pofika zaka za m'ma 1950 analipo oposa 1,000 pang'ono m'dziko lonse lino, ndipo anali ndi masunagoge ku Livingstone, ku Lusaka ndi ku migodi.

Bambo anachoka ku Katete wapansi, Lusaka atangosanduka likulu mu 1935, nalembedwa ntchito yoweta ng'ombe za Myuda wina wa butchala. Ng'ombezo zinkadya msipu kuno kummawa kwa tauni, m'dziko la Asoli la a Nkomeshya. Palabana nthawi imeneyo linali tchire ndi mapulazi basi, osati mapuloti mukuwaonawa.

Tsono bwana wawoyo anali ndi mnzake wa malonda. Mmodzi anatulutsa ndalama, winayo anagula ng'ombe n'kumazisunga, phindu agawane. Chaka china nkhupakupa zinavuta, ng'ombe zambiri zinafa. Wa ndalama uja anati, "Wandiphera chuma, unachedwa kuzisambitsa ku dibi." Wosunga uja anati, "Matenda alibe mwini, tonse taluza." Anasiya kupatsana moni.

Khoti la Boma linalipo, maloya analiponso, koma sanapiteko. Kwa iwo Myuda kukokera Myuda mnzake kwa woweruza wakunja, akulu a kwawo asanamve nkhaniyo, chinali chamanyazi. Bwalo lawo amalitcha Beth Din, ndipo lalikulu lokhala ndi arabi ophunzira linali kutali, ku Johannesburg. Koma chilamulo chawo chili ndi njira ina ya milandu ya chuma: wodandaula asankha munthu mmodzi, wodandaulidwa asankha wake, awiri osankhidwawo asankha wachitatu. Atatuwo ndiwo bwalo. Woluza sanganene kuti anandiikira adani, popeza dzanja lake linali momwemo posankha.

Chimene chinadabwitsa bambo n'chakuti nkhani isanayambe, onse awiri anasaina kalata yovomera kuti chigamulo chilichonse adzachilandira. Kusaina usanadziwe ngati upambana! Chinanso, woweruza saloledwa kumva mbali imodzi winayo palibe. Amene amapita usiku kwa nduna ndi nkhuku m'khwapa akanavutika nawo anthu amenewa. Ndipo wofuna kulanda kanthu m'manja mwa mnzake ndiye ayenera kubweretsa umboni, wogwirizira chinthucho sakakamizidwa kutsimikiza kuti n'chake.

Apa m'pamene bambo analowera. Mwa chilamulo chawo chakale, mboni zenizeni ndi amuna awiri achiyuda, akuluakulu, osakhala pachibale ndi eni mlandu. Bambo sanali Myuda, koma anali yekhayo amene anagona ndi ng'ombezo kutchire, ndipo eni mlandu onse anavomera kuti amveke. Anawafunsa mwezi umene ng'ombe yoyamba inagwa, tsiku limene anakauza bwana wawo, ndi masabata amene anapita mankhwala asanabwere. Ankati anatuluka thukuta, chifukwa zoona zake zinali zopweteka munthu amene ankawalipira. Ananena momwe zinalili.

Atatu aja sanathamangire kunena kuti uyu walakwa, uyu wakhoza. Mwambo wawo ndi kuyamba afunsa ngati eni mlandu angalole kugwirizanitsidwa m'malo mwa chilamulo chouma. Analola. Ng'ombe zimene zinafa uthenga usanafike, anagawana kuluza kwake pakati. Zimene zinafa bwana atauzidwa kale, analipa yekha, pang'onopang'ono, kuti butchala isatsekedwe. Bambo ntchito sinawathere.

Mufunsa kuti akanakana kulipa akanam'tani, popeza analibe apolisi kapena ndende? Munthu woitanidwa katatu osabwera, kapena wonyoza chigamulo, amam'lembera kalata yoti ndi wokanika, ndipo anzake amam'tala. Pagulu laling'ono chotero, amene amakukongoza katundu ndi yemweyo amene mwana wako adzakwatire kwawo, ndi yemweyonso adzanyamule maliro ako. Ife a kummawa izi sitifunika kuuzidwa, pakuti wonyoza bwalo la mfumu ankaona yekha anthu akuchepa pa maliro a kwawo.

Pamenepo tinkafanana nawo. Ifenso atsamunda anavomereza mabwalo a mafumu athu mu 1929, ndipo titalandira ufulu mu 1964 boma lathu linawasandutsa makhoti aang'ono mu 1966. Chimene Ayuda anatiposa nacho ndi cholembera. Zigamulo zathu zinkakhala m'mitu ya madoda, mdala akamwalira malire a munda amapita naye kumanda, n'chifukwa chake lero puloti imodzi kuno igulitsidwa kwa anthu awiri. Koma pa nkhani ya amayi ndikanawatsutsa pamaso. Bwalo losawerengera mayi ngati mboni yokwanira silingayende pakati pa ife, amene mbumba imalankhula pa milandu ya banja, ndipo dziko la Asoli tikukhalamoli likulamulidwa ndi mayi, a Nkomeshya Mukamambo II.

Ufulu utabwera Ayuda ambiri anasamuka, ena ku South Africa, ena ku Britain ndi ku Israel. Otsala anali ochepa, monga Simon Zukas, amene atsamunda anam'pitikitsa mu 1952 chifukwa chomenyera ufulu wathu, nadzabweranso, n'kumwalira konkuno mu 2021. Sunagoge wa ku Livingstone tsopano ndi tchalitchi, koma Beth Din ya ku Johannesburg ikuweruzabe milandu mpaka lero.