Kodi makhalidwe a paunyamata amamutsata munthu mpaka kukula?

Dedza, Mana: Kwa zaka zoposa 50 tsopano, akatswiri a zaumoyo m'maiko osiyanasiyana akhala akufufuza ngati kadyedwe, kulimba kwa thupi ndi zizolowezi zomwe munthu amakhala nazo paunyamata zimapitirira mpaka atakula. Zomwe apeza n'zakuti makhalidwe ena amakakamira kwambiri pomwe ena amatha msanga moyo wa munthu ukangosintha.

Kunenepa kopyola muyezo, kusuta fodya ndi kulimba kwa mafupa zili m'gulu la zokakamira. Chizolowezi chogwiritsa ntchito thupi molimbika chili m'gulu la zotha msanga, makamaka ngati munthuyo ankachita zimenezi kaamba kosowa pothawira. Mfundo imeneyi ikukhudza kwambiri maboma ngati Dedza, komwe achinyamata ambiri amakula olimba chifukwa cha khasu ndi mitunda, kenaka ena mwa iwo n'kukakhala pampando wa mu ofesi moyo wawo wonse.

Msinkhu umene thupi limamangidwa

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati unyamata ndi msinkhu wa zaka 10 mpaka 19. Kupatula zaka zoyambirira za moyo, palibe nthawi ina imene thupi limakula mofulumira ngati imeneyi. Pafupifupi theka la kulemera komwe munthu amadzakhala nako atakula limabwera pa msinkhuwu, ndipo pofika zaka za m'ma 20 gawo lalikulu la mafupa limakhala litakhwima kale.

Mafupa amalimba malinga ndi chakudya komanso ntchito imene akupatsidwa. Kuthamanga, kudumpha ndi kuyenda mtunda kumachititsa kuti fupa likhale lothithikana, ndipo phindu lakelo limadzaoneka pa ukalamba pomwe mafupa amayamba kufooka. Munthu amene wadutsa msinkhuwu asanamange mafupa olimba savutika nthawi yomweyo, koma mpata wobwezeretsa zomwe adataya umakhala wochepa.

Zomwe zimakakamira

Kafukufuku wina wakale pa nkhaniyi adayamba m'zaka za m'ma 1970 m'tauni ya Bogalusa ku America. Madokotala adatsatira ana a sukulu mpaka atakula ndipo adapeza kuti kuwonongeka kwa mitsempha ya magazi kumayamba munthu ali mwana, ngakhale kuti matenda a mtima amadzaonekera patapita zaka zambiri. Ana omwe magazi awo ankathamanga kuposa anzawo ndiwo ankapezeka kwambiri ndi vutoli atakula.

Pa nkhani ya kunenepa, akatswiri a ku Britain adasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wambiri m'chaka cha 2016. Iwo adapeza kuti achinyamata pafupifupi 80 mwa 100 alionse onenepa kopyola muyezo amakhalabe choncho atakula. Komabe adapezanso kuti akuluakulu 70 mwa 100 alionse onenepa kwambiri sadali onenepa ali ana. Izi zikusonyeza kuti kunenepa kwa paunyamata n'kovuta kukuchotsa, koma kuwonda kwa paunyamata sikuteteza munthu mpaka kalekale.

Ku Soweto, m'dziko la South Africa, ofufuza akhala akutsatira ana oposa 3,000 omwe adabadwa m'chaka cha 1990. Kumeneko zidaoneka kuti kunenepa kumachuluka kwambiri pakati pa atsikana kusiyana ndi anyamata akamalowa m'gulu la akuluakulu.

Fodya ndiye wokakamira kuposa zonse. Lipoti la boma la America la m'chaka cha 2012 lidati pafupifupi anthu 9 mwa 10 alionse osuta fodya adayamba pofika zaka 18. Ubongo wa wachinyamata umakhala ukukulabe, choncho umazolowera msanga mankhwala a nikotini omwe ali mu fodya. Chimodzimodzinso mowa: woyamba kumwa ali wamng'ono amakhala pachiopsezo chachikulu chodzakhala chidakwa.

Zomwe zimatha msanga

Ku Finland, kafukufuku amene adayamba m'chaka cha 1980 ndi ana oposa 3,500 adafuna kudziwa ngati mwana wokonda masewero amadzakhalanso wamkulu wokonda kulimbitsa thupi. Patatha zaka 21, mgwirizano udapezeka ndithu koma sudali waukulu. Omwe adapitiriza kwambiri ndi aja omwe adachita masewero kwa zaka zingapo zotsatizana. Ambiri adasiya atamaliza sukulu, atayamba ntchito, atalowa m'banja kapena atabereka.

Ngakhale zili choncho, kulimba kwa thupi paunyamata kuli ndi phindu lake. Ku Sweden, amuna oposa 700,000 omwe adayezedwa ali ndi zaka 18 polowa usilikali adatsatidwa kwa zaka zoposa 30, ndipo omwe adali ndi mpweya wambiri pa nthawiyo adadwala mtima mocheperapo. Ofufuza amachenjeza kuti chibadwa ndi kapezedwe ka banja zimathandizira nawo pa zotsatira zotere, kotero masewero si okhawo amene ayenera kutamandidwa.

WHO imalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azigwiritsa ntchito thupi molimbika kwa mphindi 60 patsiku, pomwe akuluakulu azitero kwa mphindi 150 mpaka 300 pamlungu. Kafukufuku wa bungweli m'maiko 146 adapeza kuti m'chaka cha 2016 ana a sukulu 81 mwa 100 alionse a zaka 11 mpaka 17 sankakwanitsa muyezo umenewu, ndipo atsikana ndiwo adatsalira kwambiri.

Mmene zilili ku Dedza

Boma la Dedza linali ndi anthu oposa 830,000 pa kalembera wa m'chaka cha 2018, ndipo monga zilili m'dziko lonse, pafupifupi theka la anthu ndi ana osakwana zaka 18. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yaikulu, ndipo phiri la Dedza limafika pafupifupi mamita 2,200. Kuchokera kumapiriko dziko limatsetsereka kwambiri kulowera ku Golomoti ndi Mtakataka.

Wachinyamata wa ku Bembeke, Mayani kapena Lobi sasowa ntchito yotulutsa thukuta. Amapanga mizere, kuthirira kudimba, kusenza matumba a kachewere, kutola nkhuni, kutunga madzi ndi kukwera zitunda popita kusukulu. Muyezo wa mphindi 60 uja ambiri amaudutsa dzuwa lisanafike paliwombo. Koma zonsezi amachita chifukwa moyo wawakakamiza, ndipo palibe amene amaziona ngati njira yosamalira thanzi.

Zinthu zimasintha mwanayo akasankhidwa kupita kusukulu yogonera komweko, kenaka kukoleji, mapeto ake n'kupeza ntchito paboma kapena ku Lilongwe. Mtunda womwe ankayenda wapansi tsopano amakwera kabaza kapena minibasi. Nsima ya mgaiwa, nyemba ndi masamba zimalowedwa m'malo ndi ufa woyera, chipisi cha pachiwaya, nyama yootcha ndi zakumwa zotsekemera. Thupi lomwe lidazolowera kudya mokhuta kuti lipeze mphamvu zolimira limapitiriza kudya chimodzimodzi khasu litasiyidwa. Kuwonjezera apo, anthu ambiri amaonabe mimba yaikulu ngati chizindikiro chakuti munthu zikumuyendera.

Zomwe ziwerengero za dziko lino zikusonyeza

Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita mogwirizana ndi WHO m'chaka cha 2009 adapeza kuti anthu 33 mwa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo oposa 9 mwa 10 alionse mwa iwo sankalandira mankhwala. Pafupifupi 6 mwa 100 alionse anali ndi matenda a shuga. Amuna 26 mwa 100 alionse ankasuta fodya.

Bungwe lofufuza zaumoyo la MEIRU lidayeza anthu pafupifupi 29,000 ku Karonga ndi ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe pakati pa 2013 ndi 2016. Amayi 44 mwa 100 alionse a m'tauni anali onenepa kopyola muyezo, poyerekeza ndi 27 a kumudzi. Kwa abambo, chiwerengerochi chinali 18 m'tauni ndi 9 kumudzi. Kusiyana kumeneku kukuonetsa kuti malo okhala ndi mtundu wa ntchito zimasintha thupi la munthu.

Dziko lino lili ndi vuto linanso lomwe maiko a ku Ulaya sakumana nalo kwenikweni. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'zaka za 2015 ndi 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira kaamba ka kuperewera kwa zakudya m'thupi. Akatswiri adapeza kuti mwana amene wakula mopinimbira n'kudzanenepa mofulumira pambuyo pake amakhala pachiopsezo chachikulu cha shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Choncho njala ya paubwana ndi kukhuta kwa paukulu zikakumana m'thupi limodzi, zimabala matenda.

Mtsikana ndi m'badwo wotsatira

Kafukufuku yemweyo adapeza kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena anali oyembekezera. Mtsikana wotere amalimbirana chakudya ndi mwana amene ali m'mimba, popeza naye thupi lake likukulabe. Kawirikawiri mwanayo amabadwa wochepa sikelo, ndipo mayiyo amasiya sukulu ndi masewero omwe.

Pa chifukwa ichi, ntchito yomwe Inkosi Theresa Kachindamoto a m'boma lino adagwira pothetsa maukwati a ana ndi kubwezeretsa atsikana kusukulu inalinso ntchito ya zaumoyo. M'chaka cha 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko lino kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. M'chaka cha 2019 boma lidayamba kupereka m'dziko lonse katemera woteteza atsikana ku khansa ya khomo la chiberekero, yemwe phindu lake limadzaoneka mtsikanayo ali mayi.

Udindo wa ogwira ntchito m'boma

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba, ndipo pa nkhani ya fodya, mowa, mafupa ndi kunenepa, kafukufuku akugwirizana nawo. Dziko lino lidaletsa mowa wa m'masacheti m'chaka cha 2015, ndipo m'chaka cha 2023 lidavomereza pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya. Kuti zimenezi zipindule, makhonsolo, apolisi ndi mafumu ayenera kuonetsetsa kuti ana sakugulitsidwa mowa ndi fodya m'misika monga ya Chimbiya ndi Linthipe.

M'sukulu, nthawi ya masewero isasandutsidwe ya maphunziro ena, ndipo mabwalo asagawidwe kukhala malo omangapo nyumba. Chofunika kwambiri ndi kuphunzitsa ana masewero omwe angapitirize atakula, monga mpira wamiyendo, ntchemberembaye, kuthamanga ndi magule a makolo, komanso kuonetsetsa kuti atsikana sakusiyidwa m'mbuyo. Alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi apitirize kuphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, chifukwa nyemba, masamba ndi zipatso zimalimidwa ku Dedza komweko.

Kwa amene adadutsa kale msinkhuwu, mpata ulipobe. Kafukufuku amene adafalitsidwa m'chaka cha 2011, wokhudza anthu oposa 6,000 a ku America, Finland ndi Australia, adapeza kuti omwe anali onenepa ali ana koma adachepetsa thupi atakula anali ndi chiopsezo cha shuga ndi kuthamanga kwa magazi chofanana ndi cha omwe sadanenepepo. Wogwira ntchito mu ofesi angayambe poyenda wapansi mphindi 30 kwa masiku asanu pamlungu, kuchepetsa mchere kuti usapitirire magalamu asanu patsiku, ndi kukayezetsa magazi ndi shuga kuchipatala chapafupi asanayambe kumva kudwala.