Quantum Annealing: Entanglement ndi Coherence

Quantum annealing ndi njira yofufuzira yankho labwino koposa pakati pa mayankho ankhaninkhani, potsatira malamulo a fizikisi a tinthu tochepetsetsa. Tadashi Kadowaki ndi Hidetoshi Nishimori a ku Japan anaifotokoza mu 1998. Makina ake odziwika bwino ndi a kampani ya D-Wave yomwe inayambira ku Canada. Ma qubit ake, tizigawo tosunga uthenga m'makinawa, ndi timikombero ta chitsulo cha niobium tozizira pafupifupi madigiri 273 pansi pa ziro.

Coherence ndi mphamvu ya qubit yokhala 0 ndi 1 panthawi imodzi. Siichedwa kutha: kutentha pang'ono chabe kapena maginito osokoneza zimaiwononga. Entanglement ndi mgwirizano wa ma qubit woti sungathe kufotokoza imodzi payokha popanda inzake.

Akatswiri anakangana kwa zaka zingapo ngati makinawa amagwiradi ntchito mwa njira ya quantum, ndipo kukayikako kunali ndi maziko. Mu 2014 Trevor Lanting ndi anzake anapeza entanglement m'magulu a ma qubit 2 ndi 8. Mu 2022 ofufuza anaonetsa coherence pa ma qubit 2,000, pothamangitsa ntchitoyo kuti ithe kutentha kusanalowerere.