ZA KUGOGODA DZIKO KUTI TIMVE ZA PANSI PACE

Ife a ku Nkhata Bay tikhala pakati pa phompho ndi mapiri. Tikapalasa bwato kunka kumpoto, ca ku Usisya ndi Ruarwe, tiona mapiri alowa m'madzi ciriri, osasiya malo a munda m'mphepete. Ndipo kumbali yomweyo nyanja izama koposa, kupitirira mapazi 2,300. Tikakwera mseu wa ku Mzuzu tifika pa Viphya, ndi patsogolo pace pa Nyika, pamene nsonga ya Nganda iposa mapazi 8,500. Izi makolo athu anaziona monga tiziona ife; koma zogona pansi pa izo panalibe wozidziwa, pakuti palibe khasu lofikako.

Mmisiri wosema bwato saboola m'mbali mwace kuti adziwe pocindikala ndi popyapyala. Agogoda ndi nsompho, namvetsera kulira kwa mtengo. Momwemo acita anthu ophunzira za miyala, koma wowagogodera ndiye cibvomezi. Dziko likagwedezeka, kunthunthumirako kuyenda m'miyala ngati mafunde, msanga m'mwala wolimba ndi wozizira, pang'onopang'ono m'mwala wotentha. Ndipo pokomana miyala ya mitundu iwiri mafunde ena abwerera, monga abwerera mau a munthu wopfuula kuphiri. M'caka ca 1909 kunagwa cibvomezi pafupi ndi mudzi wa Zagreb ku Ulaya, ndipo mphunzitsi wina, dzina lace Andrija Mohorovičić, poyang'ana zolemba za makina, anapeza kuti ku midzi yakutali mafunde ena anafika nthawi yace isanakwane. Anazindikira kuti amenewo anatsika, nadzera m'mwala wolemera wa pansi, umene ayendamo mofulumira. Potero kunadziwika kuti dziko liri ndi khungwa ngati mtengo, ndi kuti khungwalo lingathe kuyesedwa.

Nzeru iyi inacedwa kufika pa nyanja yathu. M'zaka za m'ma 1980 anthu a sukulu ya Duke ku Amerika, mtsogoleri wao Bruce Rosendahl, anayenda pamadzi ano ndi kangalawa kochedwa Nyanja. Sanalindira cibvomezi iai. Anaomba okha m'madzi ndi mfuti za mpweya, nakoka cingwe cacitali ca makutu a makina, cakumva mau obwerera. Anapeza kuti pansi pa nyanja sipali ngati mbale, koma ndi mng'alu wopendekeka, wodzala matope ndi mcenga zocindikala mailosi 2 ndi kuposa. Kumpoto mbali yotitimira ndi ya kum'mawa, patsinde pa mapiri a Livingstone. Koma pano pathu yatembenuka, ndipo yotitimira ndi ya kuno kumadzulo. Mapiri a Usisya aja ndiwo mlomo wa mng'aluwo.

Kuti mng'alu sunagone tinauzidwa mowawa. Pa 10 March 1989 cibvomezi ca ku Salima cinapha anthu 9, ndi ena ngati 50,000 anasowa pogona. Ndipo mu December 2009 Karonga anagwedezeka kawirikawiri masabata awiri, namwalira anthu 4, nyumba zikwi zinagumuka kapena kung'aluka. Cozizwitsa ophunzira cinali ici: sunapatuke mng'alu waukuru wa kutsidya umene onse anauopa, koma ina yaing'ono ya tsidya lino, pansi pa minda ndi midzi, imene anthu sanaisamalira.

Cifukwa cace kuyambira 2013 kufikira 2015 kunacitika nchito yochedwa SEGMeNT, ya Donna Shillington wa sukulu ya Columbia ndi anzace, pamodzi ndi a Boma oyang'anira za miyala m'dziko muno ndi ophunzira a ku Tanzania. Anakwirira makina akumvetsera m'midzi ndi m'mapiri ozinga kumpoto kwa nyanja, namiza ena oposa 30 pansi pamadzi. Ndi sitima ya Katundu, yozolowera kusenza akatundu a malonda, inasenza mfuti za mpweya mu 2015. Makina a kumtunda anakhala cete miyezi yambiri, alikulemba zibvomezi za kuno ndi za maiko a kutsidya kwa nyanja zamcere, zimene mafunde ace atulukira pansi pa mapazi athu ife osamva kanthu.

Zimene anapeza ziyenera kulingaliridwa. Pansi pa mapiri ozinga nyanja khungwa licindikala mailosi ngati 25. Ku Tibet, dziko lathyathyathya lokwezeka koposa onse, licindikala kuposa mailosi 40, popeza kumeneko maiko awiri akanikizana, khungwa nilipindikana. Koma kuno maiko alekana. Munthu akadayesa kuti polekana pace khungwa likadapyapyala kwambiri, monga cikopa cokokedwa. Si momwemo: lapyapyala pang'ono pokha. Wodyeka kwambiri ndiwo mwala wolimba wa pansi pa khungwa, umene suoneka ndi munthu ali yense. Ndipo pansi pa phiri la Rungwe, kumpoto kwa nyanja m'Tanzania, mafunde acedwa ndithu, kusonyeza mwala wotentha. M'dziko lomwelo phiri la Kyejo linasanza moto ca m'ma 1800.

Tisanyengedwe, abale, kuyesa kuti makinawo alosera tsiku. Anena malo a ming'alu ndi utali wace, ndipo potero ukuru wa cibvomezi cimene ingathe kubala. Tsiku salidziwa, ndipo wonena kuti alidziwa anama. Cotidandaulitsa nciakuti zambiri za izi zalembedwa m'Cingerezi, m'mabuku a kutali, pamene womanga kacisi wa njerwa zomata ndi dothi ku Chintheche kapena ku Usisya sanazimva, angakhale khoma lace laima pamlomo pomwe pa mng'alu. Magombe awiri a nyanja alekana caka ndi caka monga kunenepa kwa njere imodzi ya mpunga; miyala ikaniza zaka mazana, nisunga kukokako, kufikira ithyoka.